Chigayo Chimodzi, Masefa Ambiri

 Ndikulankhula nanu kuchokera pa Namadzi, m'boma la Chiradzulu, pamsewu uja wochokera ku Limbe kupita ku Zomba. Nkhani yathu lero ndi ya anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Amayi amene muli pamoto, abambo amene mwangoweruka kumene, musathamangire kusintha siteshoni poganiza kuti izi n'za ana a kuyunivesite okha. Tsiku lililonse mukamva kalaliki akunena kuti dzina lanu silikutuluka mu kompyuta, dziwani kuti penapake pali mzere umene munthu analemba, ndipo mzerewo ndi umene wakusiyani kunja. Tikambe za mzere umenewo, ndi malo amene uyenera kukhala.

Tiyambire kuchipatala, pakuti kuno nkhani imeneyi tinaiona ndi maso.

Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oyamba m'Malawi kumene anthu wamba anayamba kulandira ma ARV ulele. Bungwe la Médecins Sans Frontières, lija timangoti MSF, linayamba ntchitoyi mu 2001, boma lisanatsegule pulogalamu ya dziko lonse mu 2004. Patapita nthawi mankhwalawa anatsikira m'zipatala zing'onozing'ono, kuphatikizapo cha pa Namadzi pano. Achikulire mukukumbuka kuti masiku amenewo si aliyense wopezeka ndi kachilombo amene ankayamba mankhwala. Madokotala ankaona mmene thupi lafookera, ankayezanso chitetezo cha m'thupi, ija timati CD4. Kwa zaka zingapo chisanafike chaka cha 2011, malire anali 250: chitetezo chikatsika kupyola pamenepo, munthu ankayamba mankhwala. Mu 2011 malire anakwera kufika pa 350. Chaka chomwecho, mu Julayi, Malawi anachita chinthu chimene dziko lina lililonse linali lisanachite: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala kwa moyo wonse, osadikira CD4. Ndiyo ija inatchuka kuti Option B+. Mu 2014 malire anafika pa 500. Mu 2016 malire onse anachotsedwa, ndipo mpaka lero aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira.

Tsopano tiyerekeze kuti ndinu mnyamata kapena mtsikana wodziwa kompyuta, ndipo mu 2010 mwapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yoti izitulutsa mayina a anthu oyenera kuyamba mankhwala. Kodi pulogalamuyo izichita chiyani? Itsegule kaundula. Itenge munthu woyamba. Ifunse kuti, kodi uyu ndi woyenera? Yankho likakhala inde, imulembe pamndandanda. Kenako ipite kwa wachiwiri, wachitatu, mpaka kaundula athe. Kayendedwe kameneka, kuchoka pa munthu woyamba kufika pa womaliza mosadumpha aliyense, ndi kamene akatswiri amakatcha algorithm. Taonani bwino: kuyambira 2010 mpaka 2016 kayendedweka sikanasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinkasintha ndi funso la pakatipo.

Wongoyamba kumene ntchitoyi amalemba 250 mkati mwenimweni mwa kayendedweko. Ndipo salemba malo amodzi. Amalemba pa mndandanda wa odwala, amalembanso pa lipoti lopita ku unduna, amalembanso powerengera mankhwala oti aitanitsidwe. Ikafika 2011, amayamba kusakasaka 250 aliyense kuti amusinthe. Amapeza asanu ndi mmodzi, wachisanu ndi chiwiri n'kutsala. Zotsatira zake, mndandanda ukuti anthu ndi ochuluka chonchi, lipoti likunena zina, ndipo palibe akudziwa kuti wonama ndi uti. Choopsa china n'chakuti nthawi iliyonse akatsegula algorithm kuti asinthe nambala, akhoza kuwononga kayendedwe kamene kanali bwinobwino.

Mankhwala a vuto limeneli ndi akale, ndipo aliyense amene anapitako kuchigayo amawadziwa. Mwini chigayo sagula injini ina chifukwa wina akufuna ufa wosalala pomwe wina akufuna wokhakhala. Amazimitsa, n'kutsegula, n'kusintha sefa. Injini sidziwa kuti mabowo a sefa ndi aakulu bwanji, ndipo sefa sadziwa kuti injini ikuyendera dizilo kapena magetsi. Chimene agwirizana n'chimodzi chokha: sefa akwane pamalo pake. Algorithm ndiyo injini. Sefa ndiye chimene a mapulogalamu amachitcha function object.

Ndifotokoze pang'onopang'ono, popeza pawailesi sindingakuonetseni pa bolodi.

Mu pulogalamu muli timagawo timene timalandira kanthu n'kubweza yankho. Kagawo kotere ndi function. Ukakapatsa munthu mmodzi wa mu kaundula, kamayankha kuti inde kapena ayi. Function object imachita chimodzimodzi, imaitanidwa chimodzimodzi, koma ili ndi thumba. M'thumbamo mungaikemo nambala, tsiku, kapena mndandanda wa midzi, ndipo imayenda nazo kulikonse kumene mwaitumiza. M'chiyankhulo cha C++ mumalemba class yaing'ono, mkati mwake n'kusunga malire, kenako n'kuipatsa chija amati call operator, chimene chimachititsa kuti iziitanidwa ngati function wamba. Mu Python zimatheka ndi method yapadera yotchedwa call, yokhala ndi timizere tiwiri tam'munsi kutsogolo ndi kumbuyo. Mu Java chitsanzo chodziwika ndi Comparator, amene wakhalapo kuyambira 1998.

Thumba limeneli ndi la ntchito yanji? Tabwererani ku 2013. Anthu okonza za mankhwala akufuna kudziwa kuti malire akachoka pa 350 kufika pa 500, anthu awonjezereka angati, kuti aitanitse mankhwala okwanira. Ngati 350 ili yokhomeredwa mkati mwa pulogalamu, funso limeneli likhala ntchito ya sabata. Koma ngati muli ndi class imodzi yosunga malire, mupanga ma object awiri, wina atenge 350, wina 500, n'kuwatumiza onse kwa algorithm imodzimodziyo. Mayankho awiri atuluka, inu n'kungochotsera. Simunakhudze injini.

Wina wochenjera anganditsutse apa. Anganene kuti, bwanji osangosunga nambalayo mu fayilo ya padera, kapena pa tsamba la zosintha, kuti ikasintha tizingolemba ina? Ndi nzeru yabwino, ndipo ikanagwira ntchito pochoka pa 250 kupita pa 350. Koma ikanagwa chagada mu Julayi 2011. Option B+ sinasinthe nambala. Inasintha funso lenilenilo. Mayi woyembekezera wa CD4 ya 800 anakhala woyenera, pomwe mwamuna wake wa CD4 yomweyo anayenera kudikira. Palibe nambala imene mungalembe m'bokosi kuti itulutse zimenezo. Pafunika lamulo latsopano lakuti, woyembekezera kapena woyamwitsa, inde. Apo ayi, onani CD4. Munthu amene anapatula lamulo ku kayendedwe amangolemba object yatsopano, mwinanso yomanga pamodzi ziwiri zakale, ndipo algorithm imailandira osafunsa. Ya 2016 ndiye yosavuta kuposa zonse: aliyense amene ali ndi kachilombo, yankho ndi inde.

Nzeru yotumiza function kwa function inzake ndi yakale kuposa kompyuta zimene tikuzidziwa. Katswiri wa masamu wa ku America, Alonzo Church, ankaisinkhasinkha papepala m'zaka za m'ma 1930, ndipo John McCarthy anailowetsa m'chiyankhulo cha Lisp mu 1958. Chiyankhulo cha C chili ndi qsort, yosanja zinthu, imene mumaipatsa adiresi ya function yoyerekezera zinthu ziwiri. Imagwira ntchito, koma function imeneyo ilibe thumba. Mukafuna kuipatsa malire, mumakakamizika kuwasiya pabwalo pomwe gawo lililonse la pulogalamu lingawasinthe inu osadziwa. Amene anaikonza bwino nkhaniyi mu C++ ndi Alexander Stepanov, wobadwira ku Moscow, pamodzi ndi Meng Lee, akugwira ntchito ku Hewlett-Packard. Iwo analemba nkhokwe ya ma algorithm yotchedwa Standard Template Library, imene komiti yoona za C++ inaivomereza mu 1994, ndipo inalowa m'malamulo a chiyankhulochi mu 1998. M'nkhokwe imeneyi muli algorithm yosanja, yowerenga zokwaniritsa lamulo, yopeza choyamba chokwaniritsa lamulo, yochotsa, ndi zina zambiri, ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi khomo lolowetsera lamulo lanu.

Panatulukanso phindu limene ambiri sankaliyembekezera. Munthu angaganize kuti kupatula lamulo kuchedwetsa pulogalamu, popeza algorithm iyenera kutuluka kukafunsa pa munthu aliyense. Mu C++ nthawi zambiri zimakhala mosiyana. Compiler, amene amasandutsa zolemba zanu kukhala malangizo a makina, amadziwiratu kuti object imene mwatumiza ndi ya mtundu wanji, choncho amatenga funsolo n'kulilowetsa yekha mkati mwa kayendedwe. N'chifukwa chake sort, algorithm yosanja ya C++, kawirikawiri imaposa qsort ya C pa liwiro. Inu mumalemba zopatukana kuti muziwerenga bwino, makina amalandira zophatikizana kuti azithamanga. Kwa ife amene timagwiritsa ntchito malaputopu a kaunjika ndi mabatire otha msanga magetsi akazima, si nkhani yaing'ono.

Tsopano kwa inu ophunzira a ku University of Malawi ku Zomba, a ku MUBAS ku Blantyre, a ku MUST ku Thyolo, ndi inu amene mukudziphunzitsa nokha pa foni ndi bandulo ya usiku. Tsiku lidzafika pamene algorithm za m'nkhokwe sizidzakukwanirani, ndipo mudzalemba yanu. Tinene kuti mukufuna yoti iziyenda mu kaundula, izipeza amene sanabwere kudzatenga mankhwala, n'kuwaika m'magulu malinga ndi mudzi, kuti alangizi a zaumoyo adziwe kopita. Musanalembe mzere woyamba, dzifunseni kuti mu ntchito imeneyi chokhazikika ndi chiti, ndipo chimene anthu a pamsonkhano angachisinthe mawa ndi chiti. Kuyenda ndi kuika m'magulu n'zokhazikika. Tanthauzo la munthu wosowa, kaya ndi masiku angati atadutsa tsiku lake, ndi la pamsonkhano. Ngakhale kugawa potengera mudzi ndi kwa pamsonkhano, pakuti mawa adzati gawani potengera mfumu yaikulu. Ndiye kuti algorithm yanu ikhale ndi makomo awiri: lina lolandira wofunsa kuti uyu wasowa kapena ayi, lina lolandira wouza gulu la munthuyo. Ndipo pakhomopo musamafunse zambiri. Mu C++ muilembe ngati template, kuti izilandira chilichonse chotheka kuitanidwa, kaya ndi function wamba, object, kapena lambda imene tiikambe kutsogoloku. Algorithm imene imaumirira kudziwa dzina la lamulo ndiye kuti sinapatuke nalo kwenikweni.

Koma njira imeneyi ili ndi maenje ake, ndipo awiri ndi amene amagwetsa anthu ambiri.

Loyamba ndi la kusanja. Aphunzitsi a kupulayimale amalidziwa popanda kompyuta. Pakutha pa teremu mumasanja ana potengera malikisi kuti mupeze nambala wani. Algorithm yosanja imatenga ana awiri n'kufunsa object yanu funso limodzi: kodi woyambayu akhale patsogolo pa wachiwiriyu? Nanga ana awiriwo akafanana malikisi? Yankho lolondola ndi ayi, mbali zonse ziwiri. Ophunzira ambiri amalemba kuti, ngati malikisi ali ochuluka kapena ofanana, inde. Kamawu kameneko, kapena ofanana, ndi poizoni. Kakutanthauza kuti mwana woyamba akhale patsogolo pa wachiwiri, ndiponso wachiwiri akhale patsogolo pa woyamba. Algorithm imakhulupirira zonse zimene mwaiuza. Mu C++ ikhoza kupitirira malire a mndandanda n'kuyamba kuwerenga malo amene si ake, pulogalamu n'kufa. Chopweteka n'chakuti mukayesa ndi ana khumi zonse zimaoneka bwino, chifukwa pa mndandanda waufupi sort imagwiritsa njira ina. Imadzafa tsiku limene mwalowetsa sukulu yonse, ana ambiri atafanana malikisi, makolo ali kale pansi pa mtengo kudikira zotsatira. Algorithm ndi object zili pa pangano, ndipo compiler sayang'anira pangano limeneli. Woliyang'anira ndinu. Ndipo ngati mukufuna kuti ofanana malikisi asasinthane malo, akhale mmene analiri mu kaundula, pali stable sort yochitira zimenezo. Mu Python kusanja kumachita zimenezi kale, kuyambira pa njira imene Tim Peters analemba mu 2002.

Dzenje lachiwiri lili m'thumba muja. Thumba losunga malire osasintha lilibe vuto. Vuto limabwera mukayamba kusungamo zinthu zosintha pamene algorithm ikuyenda. Mwalemba object yoti iziwonkhetsa ndalama za mamembala a banki m'khonde. Mwaitumiza, yayenda pa onse, inu n'kutsegula thumba la object yanu kuti muone zonse pamodzi, n'kupeza ziro. Ndalama sizinabedwe. Mu C++ algorithm imalandira kope ya object yanu, ndipo kopeyo ndi imene yawonkhetsa. Yanu inatsala pakhomo chimanjamanja. N'chifukwa chake algorithm yotchedwa for each imakubwezerani object pomaliza, kuti mutenge yankho m'menemo. Choipa kwambiri ndi lamulo loyankha inde kapena ayi limene limawerenga kuti laitanidwa kangati, monga lakuti chotsa wachitatu. Algorithm ili ndi ufulu wokopera object yanu mkati mwa ulendo, ndipo kope ikayamba kuwerenganso payokha, mumapeza achotsedwa awiri m'malo mwa mmodzi. Langizo langa ndi losavuta: lamulo la inde kapena ayi lizipereka yankho lomwelo kwa munthu yemweyo, kaya lafunsidwa m'mawa kapena madzulo, kaya koyamba kapena kachikwi.

Achinyamata amakono andiuza kuti zonsezi n'zachikale, pakuti masiku ano pali lambda. Zoona. C++ inalandira lambda mu 2011, Java mu 2014. Lambda ndi njira yachidule yolembera lamulo pomwepo pamene mukuitana algorithm, osalipatsa dzina. Mu C++ compiler ndi amene amakulemberani class ija mseri, ndiye lambda ndi function object yomweyo, maenje akenso ndi omwewo. Pa zinthu zazing'ono, monga kusanja mayina motsatira zilembo, lembani lambda, musadzivute. Ndaonapo ophunzira amene atangomva za ma object amasandutsa chilichonse kukhala class, mpaka pulogalamu ya mizere makumi awiri kufika masamba asanu. Kumeneko ndi kudzionetsera, si luso.

Koma pali malamulo amene sindingavomere kuti akhale opanda dzina. Lamulo lililonse losankha kuti munthu uyu alandire, uyu asalandire, kaya ndi mankhwala, feteleza wotsika mtengo, mtukula pakhomo, ngongole ya sukulu kapena malo ku sekondale, lipatseni dzina lomveka ndi chaka chake. Likhale pa fayilo yake, ndi mayeso ake: mayi woyamwitsa wa CD4 yokwera, mwana, munthu amene ali pa malire penipeni, munthu amene CD4 yake sinayezedwe n'komwe. Womalizayu ndi amene amaiwalika, ndipo pulogalamu yosasamala imatenga malo opanda kanthu ngati ziro kapena kumudumpha mwakachetechete. Lamulo likasintha, lakale musalifufute. Tsiku lina wofufuza adzafuna lipoti la 2012 monga mmene linaliri mu 2012, ndipo mudzangotenga object ya chaka chimenecho n'kuitumiza kwa algorithm ya lero.

Chifukwa changa chachikulu si cha makina, n'cha anthu. Lamulo la mizere isanu lokhala palokha mungaliwerengere namwino, mlangizi kapena mfumu m'Chichewa, iye n'kukuuzani kuti apa mwalakwitsa, kwathu sizitero. Lamulo lomwazikana m'mizere zikwi zitatu palibe angalitsutse, ngakhale mwini wake amene analilemba akapita ku Johannesburg kukafuna ntchito ya malipiro abwino. Ndipo amapitadi. Wotsala ndi pulogalamuyo ndi wina, amene sanakhalepo pamene inkalembedwa.

Musaganize kuti izi n'za kunja kokha. Makompyuta ogwira ndi chala amene ambiri munawaona m'zipinda za ma ARV anachokera ku Baobab Health Trust, bungwe limene linayambira ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anyamata ndi atsikana a konkuno ndi amene analemba gawo lalikulu la mapulogalamu ake, m'chiyankhulo cha Ruby. Mu Ruby kutumiza kachidutswa ka pulogalamu kwa algorithm ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, mwakuti wophunzira amachichita sabata yoyamba asanadziwe n'komwe dzina lake. Ntchito ya mtundu umenewu ilipo m'dziko muno, ndipo ikuchuluka: m'mabanki, m'makampani a mafoni, ku bungwe la mayeso, ku kalembera wa mzika. Kulikonse kumeneko malamulo amasintha mofulumira kuposa makompyuta.

Aphunzitsi a kompyuta, popereka ntchito kwa ophunzira, musamalekere poona kuti pulogalamu yatulutsa yankho lolondola. Akabweretsa, sinthani lamulo pomwepo, muwapatse mphindi khumi. Amene anapatula adzamaliza nthawi isanathe. Amene anakhomerera adzaphunzira tsiku lomwelo chimene mukanalephera kuwauza teremu yonse.

Ndipo inu akuluakulu a mabungwe, a makhonsolo, a ma SACCO ndi a sukulu amene mumalipira anthu kuti akulembereni mapulogalamu, simufunika kudziwa C++ kuti mudziteteze. Musanasaine kuti mwalandira ntchito, muuzeni wolembayo akuonetseni pamene pali lamulo losankha anthu, akuwerengereni m'mawu omveka, ndipo akuuzeni kuti likasintha chaka chamawa adzakhudza malo angati. Akayankha kuti malo amodzi, lipirani. Akayamba kukanda m'mutu, ndalama yomaliza ibakhala m'thumba mwanu kufikira atakonza.